MAPHUNZIRO-SOUTH AFRICA: Kuumba Munthu Wathunthu Kuyambire pa Mphunzitsi

CAPE TOWN - Chithereni ulamuliro watsankho mu 1994, dziko la South Africa lakhala likufunafuna njira yoti sukulu za sekondale ziziumba munthu wathunthu: woganiza payekha, womvera ena chisoni ndi wodziwa udindo wake monga nzika.

Ndondomeko ya Curriculum 2005, yomwe idayamba mu 1998, idasokoneza aphunzitsi ambiri, moti mu 2000 nduna ya zamaphunziro Kader Asmal idalamula kuti iunikidwenso. Kuchokera mu 2006, phunziro la Life Orientation, lokhudza umoyo, ufulu ndi unzika, lidakhala lokakamiza m'magiredi 10 mpaka 12.

Koma mayunivesite ambiri saliwerengera phunziroli posankha ophunzira, ndipo ana amaliona ngati lopepuka. Phunziro la mbiri yakale, lomwe limafukula gwero la chidani, amatenga ndi ofuna okha m'magiredi amenewa.

Mu 2003, mumzinda wa Cape Town mudayamba ntchito ya Facing the Past, mothandizana ndi nthambi ya maphunziro ya chigawo cha Western Cape, Cape Town Holocaust Centre ndi bungwe la ku America la Facing History and Ourselves. Idayambira pa aphunzitsi, popeza ambiri adakulira m'tsankho, ena ozunzika, ena opindula nalo. Ankayamba akambirana za zilonda zawo asanafunse ana chifukwa chimene anthu wamba adakhalira chete ku Germany m'nthawi ya Hitler komanso kwawo komweko.

Nayo District Six Museum, yomwe idatsegulidwa mu 1994, imakumanitsa ana asukulu ndi ena mwa anthu oposa 60,000 amene adasamutsidwa mokakamiza boma litalengeza mu 1966 kuti deralo ndi la azungu.

Kufunika kwa maphunziro otere kudaoneka mu May 2008, pomwe zipolowe zodana ndi alendo zidapha anthu 62 n'kuthawitsa nzika zambiri za Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe.

Mu 2018, gulu la akatswiri losankhidwa ndi nduna Angie Motshekga lidalangiza kuti mbiri ikhale yokakamiza mpaka giredi 12. Komabe lamulo lingangodzaza kalasi. Ngati mphunzitsi ali ndi ana ochuluka, silabasi yothina ndi mantha okhudza nkhani zowawa, ana adzaloweza zaka ndi mayina n'kutuluka ndi mtima womwewo. Maiko a m'chigawo chino amene akukonzanso maphunziro a zachikhalidwe angachite bwino kuika ndalama pa kusula aphunzitsi asanasindikize mabuku atsopano.