Ntchito ya manja, mayeso a pakamwa

Kodi analamula ndani kuti munthu wofuna ntchito azikhala wolongolola? Ife Amalawi a kuno ku Mobeni, mumzinda wa Durban, tikufunsa chifukwa zatikwana. Pomakwana 6 koloko m'mawa timakhala taima kale m'mbali mwa South Coast Road, ena tachokera ku Clairwood, ena ku Isipingo, ena ku Chatsworth, kudikira kuti kapitawo atuluke pageti kapena baki iime. Ikangoti yaima, amakwera ndi uja wathamanga akukuwa kuti zonse amazitha: penti, matailosi, kuwotcherera, ngakhale fokolifiti imene sanaigwirepo chibadwire. Mnzathu wofatsa uja, amene tonse tikudziwa kuti msoko wake sukhota ndipo akamawerenga makatoni saphonya ndi limodzi lomwe, amatsala chiimire, kachikwama ka nkhomaliro kali m'manja.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito za kuno sizilira mawu. Kuchokera ku Jacobs, kudutsa ku Mobeni mpaka ku Prospecton kumene amapanga magalimoto a Toyota, n'mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu wochokera kudoko. M'katimo anthu amasoka, amalongedza, amamata malebo, amasanja mapaleti, amawerenga katundu. Makina akalira, ngakhale woyandikana naye sumumva. Ndipo mukangoyamba kucheza, kapitawo yemweyo amene anakusankhani chifukwa cha pakamwa ndi amene amabwera kudzakukalipirani kuti mwabwera kudzagwira ntchito osati kudzacheza. Nanga bwanji pakhomo amayesa lilime, pamene m'kati akufuna maso ndi zala?

Ukachita mwayi n'kuitanidwa ku intaviyu, ndiye mpamene pali ntchito. Amakukhazika pampando, anthu atatu kutsogolo kwako, n'kukuuza kuti tafotokoza za iwe mwini. Ife tinakula tikuuzidwa kuti munthu sadzitama, amatamidwa ndi ena. Tinakula tikudziwa kuti mwana wamwambo sayang'ana akulu m'maso, amagwetsa nkhope, ndipo amayankha zokhazo zimene wafunsidwa. Lero ulemu womwewo akuuwerenga ngati kubisa kanthu. Wayang'ana pansi, akuti ndiwe wabodza. Wayankha mwachidule, akuti ntchitoyo sukuifuna. Nazo zotsatsa ntchito zimangoimba nyimbo imodzi, kuti akufuna munthu wansangala, womasuka, wokonda kugwira ndi gulu, ngakhale ntchito yake ili yothira zomangira m'timapepala tsiku lonse.

Pena amene akukusankha si amene adzaone ntchito yako ayi. Ndi makampani olemberako anzawo anthu aja, omwe kuno timati ma labour broker. Iwo ali ndi mphindi zisanu basi, ndipo mu mphindi zisanu chimaoneka ndi pakamwa. Lamulo lilipo ndithu: khoti la Constitutional Court linagamula mu 2018 kuti wantchito wa malipiro ochepa amene wabwera kudzera mwa oterewa, akapitirira miyezi itatu, amatengedwa kuti ndi wantchito wa kampani imene akugwirako. Koma kuti ufike miyezi itatu, si uyambe walowa kaye? M'dziko limene anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito alibe ntchito, olemba sasowa wina. Ngakhale ya R28.79 pa ola, malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu Malichi 2025, anthu amaiphangirana.

Pakati pa ofatsawa pali mitundu. Ena ndi amanyazi chabe, akazolowera amamasuka. Ena gulu limawatopetsa, akaweruka amafuna kukhala okha kuti mtima ukhale m'malo. Ndiye pali ena amene madokotala amati ali ndi autism, ubongo wawo umalandira zinthu mwa njira yakeyake kuyambira ali makanda. Bungwe la WHO linanenapo kuti mwana pafupifupi mmodzi pa ana 100 alionse amabadwa chotero, ndiye musaganize kuti mabasi ochokera ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Blantyre sanabweretse ena mwa iwo. Kumudzi tinkawapatsa maina ambiri: wonyada, wosamva, wozerezeka, pena mpaka kunong'onezana kuti amalume ake anamukhwimira. Anakula, anakwera basi ngati ife tonse, ndipo mayi awo akudikira ndalama ya feteleza ngati mayi athu.

Timakhala nawo m'zipinda zathu za lendi, ndiye timawadziwa. Pali mnyamata amene manambala a katundu yense wa m'nyumba yosungiramo katundu ali nawo pamtima, shelefu ndi shelefu, koma belu losinthira shifiti likalira amatseka makutu ndi manja onse awiri, nkhope itachita tsinya ngati wabayidwa. Kapitawo akamuuza kuti dikira pompano, amadikiradi pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa kwa iye mawu ndi mawu. Mukamusuntha pamalo ake mosamuchenjeza, tsiku lonse lasokonekera. Akaona kuti chiwerengero cha abwana chalakwika amanena pomwepo pamaso pa anthu, osati mwachipongwe, koma chifukwa chalakwikadi. Mawa lake mumva kuti amuchotsa, akuti ndi wamwano. Nthawi yonse ija sanachedwepo, sanabepo ngakhale kansomali.

Mwina wina anena kuti apite kuchipatala akamuyeze, apeze kalata. Ku Durban kuno kuli bungwe la Action in Autism lomwe limathandiza mabanja, ndipo chaka chilichonse pa 2 Epulo dziko lonse lapansi limakumbukira anthu oterewa. Lamulo la Employment Equity Act la 1998 limauzanso olemba ntchito kuti azikonzera malo anthu aulumali kuti athe kugwira bwino. Zonsezi n'zabwino. Koma munthu wamkulu amene masiku 30 amene anamudindira pachipata cha Beitbridge anatha kalekale, akaima pamzere wa ofesi iti kukapempha kalata? Ndipo tsiku limene wapita kumeneko, wamulipira ndani?

Alangizi nawo sasowa. Akuti munthu wosakonda gulu azigwirira ntchito kunyumba pa kompyuta. Nyumba yake iti, chipinda chimene timagonamo anthu asanu, wina akuphika, wina akuimba foni kumudzi? Kompyutayo agula ndi chiyani, bandulo ya intaneti alipira ndani? Akuti ntchito zambiri zili m'ma call centre a ku Umhlanga, kumene munthu amalankhula ndi alendo okwiya kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ulonda wa usiku ndiwo ukanamuyenera kwambiri, kukhala yekha ndi tochi, koma kuti ulembetsedwe kubungwe loyang'anira alonda la PSIRA uyenera kukhala nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, ndiye khomo limenelo n'lotseka kwa ambiri a ife. Kugulitsa mumsewu kumafuna kuitanira. Kwatsala kusamalira maluwa m'mayadi a ku Montclair ndi ku Woodlands, ntchito yabata ndithu, koma nayonso umaipeza pogogoda pageti la munthu wosamudziwa, galu akuuwa, iwe n'kudzifotokoza pa kachipangizo kolankhulira kaja.

Chimene chimatipweteka kwambiri n'chakuti dziko lomweli ndi limene linatiphunzitsa kukhala chete. Amene tinalipo mu Epulo 2015, nthawi ya ziwawa zolimbana ndi alendo, anthu akugona m'matenti ku Isipingo ndi ku Chatsworth, boma la Malawi likutumiza mabasi odzatenga anthu ake, sitinaiwale. Za mu 2019 ku Sydenham nazonso sitinaiwale. Kuyambira pamenepo mu tekisi timapereka ndalama ndi dzanja lokha, foni ikalira timaidula, kuopa kuti Chizulu chathu chopotoka chingatiulule. Ndiye munthu yemweyo amene wakhala duu ulendo wonse kuti afike wamoyo, akangotsika akhale wosangalatsa anthu? Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama, ndipo sitikutsutsa. Koma ukafika kuno umapeza kuti suyosuyo nayenso ali ndi malo ake ndi nthawi yake, ndipo amene amavutika kuwerenga nkhope za anthu sangadziwe msanga kuti pano mpolankhula, apa mpokhala chete.

Ndiye tinapeza nzeru zathu, zina zoseketsa ndithu. Pofuna ntchito timapita awiriawiri ngati kokafunsira mbeta, wolankhula kukhala nkhoswe, mwini nkhani ali pambali atanyamula thalauza limene anasoka kuti abwana aone okha. Madzulo timachita intaviyu ya m'chipinda, wina kukhala pachigubu ngati abwana, ndipo mayankho timawaloweza. Vuto n'lakuti tsiku lenilenilo akasintha funso, yankho limatuluka lomwe lija. Za kuyang'ana m'maso tinazithetsa kale: yang'ana pamphuno pa abwana kapena pakati pa nsidze, iwo sadziwa kusiyana kwake. Wina amawerenga chamumtima mpaka zitatu n'kumwetulira, kenako kuwerenganso. Kuntchito ena amaika thonje m'makutu n'kuvala chipewa chophimba ngakhale kutentha kwa Januwale. Nthawi ya nkhomaliro ena amaika foni kukhutu osaimba, kungoti anzawo awasiye apume, ena amakadyera kuseri kwa mapaleti. Ndipo pagulu lathu la WhatsApp, amene pamaso satha kumaliza moni amalemba uthenga womveka bwino kuposa tonsefe, moti ndi amene amatilembera makalata ofunsira ntchito.

Kunja anthu ena anazindikira kalekale. Ku Denmark, bambo wina dzina lake Thorkil Sonne, yemwe mwana wake ali ndi autism, anayambitsa kampani ya Specialisterne mu 2004 kuti azilemba anthu oterewa ntchito yofufuza zolakwika m'mapulogalamu a kompyuta. Kampani ya SAP inayamba ndondomeko yake yotere mu 2013. Chachikulu chimene anasintha ndi kayesedwe: m'malo momufunsa munthu mafunso, amamupatsa ntchito yeniyeni n'kumuona akugwira. Koma kodi zimenezi n'zachilendo? Telala aliyense wa pakhonde la sitolo ku Limbe amadziwa kuti wofuna ntchito umamupatsa kansalu n'kumuuza kuti tasoka tione. Palibe amafunsa kuti pakatha zaka zisanu udzakhala uli pati.

Abwana athu a ku Mobeni, zimene tikupempha sizidula. Munthu mupatseni makina kwa ola limodzi musanamubweze. Malangizo mulembereni papepala, kapena muonetseni kamodzi ndi manja, mawu ake akhale olunjika opanda zining'a. Ngati mawa mumusuntha pamalo, muuzeni lero. Zotsekera m'makutu zija zili kale m'sitolo yanu, mupatseni, ndipo ngati pali ngodya yakutali ndi belu muikeni kumeneko. Akakuuzani kuti chiwerengero chalakwika, werenganinso musanakwiye. Ndipo Disembala ikafika, pamene mukuwotcha nyama ya kutseka chaka nyimbo zili pamwamba, musamukakamize kuvina kapena kulankhula pagulu. Mumkulungire nyama yake m'pepala, mumpatse bonasi yake, apite akatumize ndalama kumudzi mizere isanatalike.