ZA ANYAMATA AKUGWA POTSIKA PA MALOLE

Kwa Mafumu ndi Ziwalo zonse za Msonkhano,

Tikulemberani za cinthu cimene taciona kawirikawiri pa msika wa Mlangeni ndi wa Lizulu, ndipo sitingathenso kukhala cete. Lole ikadza kudzatenga kacewere ndi kabici, anyamata akweza matumba kufikira mulu upitirira denga la woyendetsa. Atatha kumanga zingwe pamwambapo, atsike bwanji? Makwerero palibe. Alumpha, ndipo nthawi zina galimoto yayamba kale kuyenda, pakuti woyendetsa afulumirira msika wa ku Lilongwe. Munthu wakugwa cotero atera pa cidendene, ndipo pfupa limeneli likasweka licedwa kupola; ena sasenzanso thumba. M'dzinja, mapazi ali ndi matope, ngoziyi icuruka.

Nanga mwini lole anena ciani? Ati wagwa yekha. Indedi wagwa yekha, monganso anakweza matumbawo yekha. Koma phindu la matumbawo silinali lace.

M'caka ca 2000 Boma linaika lamulo, Workers' Compensation Act, lakuti munthu wobvulala pa nchito alandire cipepeso. Kutsika pa lole ndi nchito ndithu, monga kukwera. Koma eni malole abisala m'mau amodzi, akuti ganyu. Mnyamata wasenzera munthu mmodzi yemweyo zaka zitatu, msika ndi msika, nacedwa "mnyamata wanga". Tsiku lakuthyoka mwendo asanduka waganyu wosadziwika. Ndipo popeza kuno mseu wa M1 ndiwo malire, ena mwa anyamatawa ali abale athu a ku Angonia, amene aopa ngakhale kudandaula.

Tsono, Mafumu athu, tikupemphani ndi ulemu wonse, koma tinenetsa: mlandu wotere ukafika pa bwalo lanu, musaumalize ndi nkhuku ndi ndalama ya mankhwala ya tsiku limodzi. Mlembi alembe nambala ya lole, tsiku ndi mboni. Wobvulalayo atenge kalata ya cipatala, ndipo zonse zipite ku ofesi ya za nchito ku boma la Ncheu. Ngati ali waganyu kapena ai, aweruze ndi a ofesiyo, osati iye amene afuna kuthawa kulipira.

Tipemphanso kuti lole yopanda makwerero isakweze katundu pa misika yathu. Mapolo awiri a bulugamu ndi misomali sizingasaukitse mwini galimoto.

Pa msonkhano ukudzawu, mfumu iri yonse ibwere ndi maina a anyamata opunduka motere m'mudzi mwace.

Ndife anu,
Mlembi, m'malo mwa Msonkhano.