Kunenepa kwa Waya Si Nkhani Yongoganizira

Aliyense amene anayendako ku Mandala mu mzinda wa Blantyre amaidziŵa nyumba yakale yosanja imene kampani ya African Lakes inamanga m'chaka cha 1882. Chimene ambiri sadziŵa n'chakuti m'chaka chomwecho, ku London, akatswiri anasindikiza koyamba malamulo a kaikidwe ka mawaya a magetsi m'nyumba, ndipo cholinga chimene anachilemba pamutu pa malamulowo chinali kupeŵa moto. Malamulo amenewo akhala akukonzedwa kufikira lero pamene akutchedwa BS 7671, ndipo kaikidwe ka magetsi kwathu kuno kanatengera kwambiri kumeneko, monga momwe mapulagi athu a mano atatu akuchitira umboni. Tsono n'zomvetsa chisoni kuti m'dera lomwelo la Mandala, ndi m'madera ena a mzinda uno, mawaya ambiri akuikidwa mongoganizira ngati kuti malamulo kulibe.

Mapoloti a ku Mandala ndi aakulu, ndipo kuseri kwa nyumba zambiri kuli tinyumba timene kale munkagona antchito. Lero m'tinyumbamo muli alendi: aphunzitsi, makalaliki ndi achinyamata amene angoyamba ntchito. Waya amene anakokedwa kuchokera ku nyumba yaikulu kuti ayatse babu limodzi ndi wailesi, lero akusenza ketulo, simbi, filiji ndi hotipuleti. Zomwezi zikuchitika ku Limbe, ku Chilomoni, ku Naperi ndi ku Bangwe, kulikonse kumene mwini poloti wamanga nyumba ina kuseri. Mfundo yathu ndi yakuti kunenepa kwa waya wopita ku nyumba yotereyi, pamodzi ndi waya wake wa earth, kuyenera kuchokera m'masamu, osati m'thumba la mwini nyumba kapena m'maso mwa mmisiri wongoyerekeza.

Mlembi wa nkhani ino anakhalapo m'kanyumba kotere. Akayatsa ketulo babu linkazilala, ndipo tsiku lina mkazi wake anagwidwa nyesi pokhudza hotipuleti ali wosavala nsapato pa simenti yonyoŵa. Mwini nyumba anangoti, "Aphunzitsi, zakhala choncho zaka zonsezi ndipo palibe amene anafa." Atabwera mmisiri wachilolezo anapeza waya wa masikweya milimita 2.5, wotalika mamita 40, wopanda earth, atamangidwa ku breaker ya maampeya 32. Tiyeni tione chimene manambala ameneŵa akutanthauza, pakuti masamu ake ndi omwe aja a m'kalasi la sayansi ku sekondale.

Magetsi a m'nyumba zathu amabwera pa mavolti 230. Pofuna kudziŵa maampeya amene chipangizo chimakoka, timagaŵa mawati ake ndi 230. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampeya 9, ndipo hotipuleti ya mbale ziŵiri ya mawati 2,500 imakoka pafupifupi 11. Ziŵirizi zikayaka pamodzi ndi maampeya 20, simbi ndi filiji zisanaŵerengedwe. Waya aliyense amatentha magetsi akamadutsamo, ndipo kutenthako sikukwera pang'onopang'ono ai: maampeya akaŵirikiza kaŵiri, kutentha kumaŵirikiza kanayi. Pulasitiki wokuta mawaya wamba anapangidwa kuti apirire madigiri 70 okha. Kupitirira apo amayamba kuuma ndi kung'aluka, ndipo izi zimachitika m'denga kapena m'khoma momwe maso safika.

N'chifukwa chake amisiri ali ndi miyeso yodziŵika. Mababu amaikidwa pa waya wa 1.5, masoketi pa waya wa 2.5, ndipo chitofu chachikulu cha magetsi pa waya wa 6. Lamulo lalikulu n'lakuti breaker isachepere katundu amene wayayo adzasenza, komanso isaposere mphamvu ya wayayo. Ntchito ya breaker ndi kuteteza waya. Waya mmodzi wa 2.5 sangasenze maampeya 32 kwa nthaŵi yaitali, motero breaker ya 32 pa waya wotere ili ngati mlonda amene wauzidwa kuti asakuwe mpaka nyumba itapsa. Munthu amene breaker yake ikugwa kaŵirikaŵiri, iye n'kuichotsa kuti aike yaikulu, kapena kumanga kawaya m'malo mwa fyuzi yopsa, wachotsa chenjezo koma matenda wawasiya.

Kutalika nako kuli ndi mtengo wake. Waya akatalika, mavolti ena amathera m'njira. Mabuku a amisiri amasonyeza kuti waya wamkuwa wa 2.5 amataya pafupifupi mamilivolti 18 pa ampeya iliyonse pa mita iliyonse. Tikachulukitsa 18 ndi maampeya 20 ndi mamita 40, tipeza kuti mavolti oposa 14 atayika magetsi asanafike ku nyumba ya kuseri. Malamulo a BS 7671 amalola kutaya magawo 5 pa 100 alionse pa zipangizo, ndiwo mavolti 11.5, ndi magawo 3 okha pa mababu, ndiwo mavolti pafupifupi 7. Waya wa 6 pa mtunda womwewo amataya mavolti osakwana 6. Apa ndiye pagona chifukwa chimene babu lija linkazilalira, ndiponso chimene injini za mafiliji zimavutikira kuyamba mpaka kupsa msanga. Ndalama imene mwini nyumba anapulumutsa pogula waya woonda, mlendi amailipira kwa wokonza filiji.

Koma choopsa kuposa zonse ndi kusoŵa kwa waya wa earth, uja wa mtundu wobiriŵira ndi wachikasu. Ambiri amamuyesa wosafunika chifukwa ngakhale palibe, babu limayakabe. N'zoona kuti pa masiku abwino waya ameneyu sagwira ntchito iliyonse. Ntchito yake imaoneka tsiku limene waya wamoyo wakhudza chitsulo cha hotipuleti kapena cha filiji. Pamenepo earth amapatsa magetsi njira yachidule kuti adutse ambiri nthaŵi imodzi, breaker n'kugwa. Ngati earth palibe, chitsulocho chimangodikira munthu, ndipo thupi lake ndilo limasanduka njira. Gawo limodzi mwa magawo 20 a ampeya imodzi likadutsa pachifuwa lingathe kusokoneza mtima, pamene breaker ya maampeya 20 singamve n'komwe kuti kanthu kachitika.

Waya wa earth nayenso ali ndi muyeso. Njira yosavuta ya m'malamulo imati ngati waya wamoyo saposa 16, earth akhale wofanana naye. Ngati waposa 16 koma saposa 35, earth akhale wa 16. Kupitirira apo akhale theka lake. Earth wocheperapo amaloledwa pokhapokha masamu atasonyeza kuti sadzapsa breaker isanagwe. Kanthambo ka wailesi komangirira ku msomali wokhomedwa pansi si earth. Ngakhale ndodo yeniyeni yokutidwa ndi mkuwa iyenera kupimidwa ndi chipangizo, chifukwa m'miyezi ya September ndi October nthaka ikauma, magetsi saloŵa bwino m'dothi. Pa chifukwa chimenechi nyumba iliyonse isasoŵe switchi ija amisiri amaitcha earth leakage, imene imadula magetsi pakangothaŵa mamiliampeya 30. Ili ndi batani loyesera, ndipo n'kwanzeru kulidina nthaŵi ndi nthaŵi.

Chomwecho nyumba ya kuseri iyenera kukhala ndi bokosi lakelake la mabreaker, lodyetsedwa ndi waya woŵerengeredwa bwino amene ali ndi breaker yake ku bokosi lalikulu. M'bokosi laling'onolo waya wa neutral ndi wa earth asalumikizidwe pamodzi, chifukwa neutral akadzaduka m'njira, zitsulo zonse za m'nyumbamo zidzakhala ndi nyesi. Pogula waya tisanyengedwe ndi kutsika kwa mtengo. Pali mawaya a aluminiyamu ongopakidwa mkuwa pamwamba, ndipo aluminiyamu amadutsitsa pafupifupi magawo 6 pa 10 a magetsi amene mkuwa wofanana naye kunenepa umadutsitsa. Kupala nsonga ya waya ndi mpeni kumaulula chinyengocho, pakuti m'kati mumaoneka moyera.

Ena adzati zonsezi n'zodula, ndipo sitikukana. Waya wa 6 ndi wokwera mtengo kuposa wa 2.5, ndipo mmisiri wachilolezo amalipiritsa kuposa mnyamata wa pa msika. Koma waya amagulidwa kamodzi, pamene lendi imalandiridwa mwezi ndi mwezi. Udindo wa ESCOM umathera pa mita. Za m'kati mwa mpanda ndi za mwini poloti. Bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2004, ndilo limapereka zilolezo kwa amisiri oika magetsi, ndipo si mwano kufunsa mmisiri kuti aonetse chilolezo chake asanakwere m'denga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kwa aphunzitsi anzathu tikuti, pophunzitsa za mavolti ndi maampeya tisamalekere pa bolodi. Tiuze ana kuti aŵerenge mawati olembedwa pansi pa ketulo ya kwawo ndi nambala yolembedwa pa breaker, abwere nazo m'kalasi tidzaŵerengere limodzi. Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukufuna ntchito ya manja, umisiri wa magetsi ndi wolemekezeka, koma uphunzireni moyenera, kaya ku Soche Technical College kaya ku sukulu ina yovomerezedwa ndi TEVETA, kuti mudzathe kuuza bwana wokulembani ntchito kuti, "Pepani bambo, waya ameneyu sindiika." Ndipo inu amene mukufuna nyumba ya lendi, musanapereke ndalama funsani kumene magetsi akuchokera, muone bokosi lake, muonenso ngati waya wobiriŵira ndi wachikasu alipo. Mwini nyumba akakwiya ndi mafunso otere, kafuneni nyumba kwina.