Nyimbo ikafika pa nambala wani, mwini wake ndi ndani?

Mu Disembala 2025, kampani ya YouTube idalengeza kuti kuyambira pakati pa Januwale 2026 isiya kupereka ziwerengero zake ku Billboard, magazini ya ku America imene sabata iliyonse imatulutsa mndandanda wa nyimbo 100 zotchuka kwambiri m'dzikolo, wotchedwa Hot 100. Chimene adasiyanirana ndi kawerengedwe. Kuyambira mu 2018, Billboard imaona munthu amene wamvera nyimbo pa intaneti atalipira ndalama za pamwezi ngati wolemera kuposa amene wamvera ulere. A YouTube amafuna kuti onse aziwerengedwa mofanana.

Mlimi amene adagulitsapo chimanga kwa mavenda sangadabwe ndi mkangano wotere. Thumba lomwelo limalemera mosiyana pa masikelo awiri, ndipo ndowa ya wogula siidzadza msanga ngati ya wogulitsa. Mndandanda wa nyimbo nawo ndi sikelo. Funso lakuti woimba uyu ali ndi manambala wani angati lilibe yankho limodzi mpaka zitadziwika kuti akuyeza ndani, ndipo akutsata lamulo liti.

Sikelo ya Billboard yasinthidwa kangapo. Hot 100 idayamba mu Ogasiti 1958. Kwa zaka zoposa 30, magaziniyi inkadalira zimene eni masitolo ndi mawayilesi anena, kuti mbale yakuti ikuyenda malonda kapena nyimbo yakuti ikuseweredwa kwambiri. Mu 1991 ndi pamene makina adayamba kuwerenga mbale iliyonse yogulidwa ndi nyimbo iliyonse youlutsidwa. Mu 2005 adaonjeza nyimbo zogulidwa pa intaneti, ndipo mu 2013 adaonjeza YouTube. Choncho nambala wani wa mu 1965 ndi wa mu 2023 ali ndi dzina limodzi, koma adayezedwa ndi miyezo yosiyana.

Amene sikeloyi idamudula kwambiri ndi Elvis Presley. Nyimbo zake zambiri zidagunda mu 1956 ndi 1957, Hot 100 isadayambe, kotero pa mndandandawu ali ndi manambala wani 7 okha. Akaphatikiza mindandanda yakale, ena amamupatsa 17, ena 18. Kusiyanaku kumabwera chifukwa cha mbale imodzi ya mu 1956 imene inali ndi "Hound Dog" mbali ina ndi "Don't Be Cruel" mbali inayo. Wogula ankalipira kamodzi n'kutenga nyimbo ziwiri, ndipo zonse zidatchuka. Ena amawerenga mbale, ena amawerenga nyimbo. Ku Britain, kumene kuli mndandanda wawo, Elvis ali ndi 21, koma atatu mwa amenewa ndi nyimbo zakale zimene zidatulutsidwanso mu 2005, mwini wake atamwalira kalekale mu 1977.

Pa Hot 100, gulu la The Beatles ndilo lili patsogolo ndi 20, ndipo Mariah Carey amatsatira ndi 19. Pamenepa palibe amene amatsutsa. Phokoso lidabuka mu Okutobala 2023, pamene Drake, woimba wa ku Canada, adafika pa 13 ndi nyimbo ya "First Person Shooter", n'kufanana ndi Michael Jackson.

Okonda Jackson adati masamuwo ndi okondera, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu. Mu 1970, ali mnyamata, Jackson ankaimba kutsogolo m'gulu la abale ake la Jackson 5, limene lidafika pa nambala wani kanayi chaka chimenecho. Mu 1985 adalemba "We Are the World" pamodzi ndi Lionel Richie, n'kuimbamonso, koma nyimboyo idatuluka m'dzina la gulu la USA for Africa. Zisanu zonsezi Billboard siziika pa dzina lake. Pamene Drake, atatu mwa manambala wani ake 13 adawapeza ngati mlendo m'nyimbo za ena: ziwiri za Rihanna ndi imodzi ya Future.

Okonda Drake nawo ali ndi chonena. Mu Disembala 2018 nyimbo ya Travis Scott yotchedwa "Sicko Mode" idafika pamwamba, ndipo mawu a Drake amamveka kuyambira koyambirira kwenikweni. Koma dzina lake silidalembedwe pa nyimboyo ngati woimba nawo, choncho sadapatsidwe kanthu pa mndandanda.

Apa ndi pamene lamulo lenileni likuonekera. Billboard siwerenga mawu amene akumveka m'nyimbo. Imawerenga dzina limene kampani yotulutsa nyimbo yalemba. Zikufanana ndi belo la fodya: amene adafesa nazale, kupalira, kuthyola ndi kusoka akhoza kukhala wina, koma m'buku la wogula mumalowa dzina la mwini khadi. Lamuloli lili ndi ubwino wake, chifukwa aliyense angathe kulitsimikiza poona chimene chalembedwa, ndipo kukadapanda ilo woimba ng'oma aliyense akadafuna gawo lake pa mndandanda. Koma likutanthauzanso kuti amene ali ndi mphamvu yolemba dzina ndiye amagawa ulemu. Makampani adalizindikira msanga. Nyimbo ikaima pa nambala 2 kapena 3, amaijambulanso n'kuikamo woimba wotchuka, ndipo ziwerengero za yakale ndi yatsopano zimaphatikizidwa. Ndi mmene Beyoncé adapezera nambala wani mu 2020 pa "Savage", nyimbo ya Megan Thee Stallion imene inali itatchuka kale iye asadalowemo.

Kwa oimba a mu Africa, nkhani ya dzinayi si ya ulemu wokha. Hugh Masekela wa ku South Africa adafika pamwamba pa Hot 100 mu 1968 ndi "Grazing in the Grass", m'dzina lake. Wizkid wa ku Nigeria adafikapo mu 2016 ngati mlendo pa "One Dance" ya Drake. Tems, wa ku Nigeria komweko, adafikapo mu 2022 pa "Wait for U", pamene mawu ake adatengedwa m'nyimbo yake yakale yotchedwa "Higher". Iye dzina lake lidalembedwa, ndipo chaka chotsatira nyimboyo idamubweretsera mphoto ya Grammy.

Solomon Linda sadaone mwayi wotere. Mu 1939 adajambula "Mbube" ku Johannesburg ndi gulu lake la Evening Birds, n'kupereka umwini wake ku kampani pa ndalama zochepa kwambiri. Nyimboyo idaoloka nyanja, idasinthidwa dzina kukhala "Wimoweh", kenako idaikidwa mawu a Chingerezi n'kukhala "The Lion Sleeps Tonight". Gulu la The Tokens lidafika nayo pa nambala wani ku America mu Disembala 1961. Linda adamwalira mu 1962 ali wosauka. Patapita zaka, nyimboyo idamvekanso mu filimu ya The Lion King ya mu 1994, ndipo mpaka mu 2006, banja lake litapita kukhoti, ndi pamene padachitika mgwirizano woti Linda azilembedwa ngati mmodzi wa opeka nyimboyo ndipo ana ake azilandira gawo. Pa mndandanda wa Billboard, nambala wani uja mpaka lero ndi wa The Tokens.

Nkhani ya Linda ikusonyeza kuti pali mabuku awiri, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Buku loyamba ndi mndandanda, limene limalemba woimba. Lachiwiri ndi la umwini, limene limalemba wopeka nyimbo ndi mwini wa chojambulidwacho, ndipo ndalama zimatsata buku lachiwirili. Munthu akhoza kukhala m'buku loyamba koma m'thumba mulibe kanthu. "Jerusalema" ya Master KG, imene idavinidwa kuyambira m'maukwati a kumudzi mpaka m'zipatala za ku Ulaya mu 2020, ili ndi dzina la Nomcebo Zikode ngati woimba nawo. Komabe mu Julayi 2021 Nomcebo adanena poyera kuti anali asadalandire ndalama ya nyimboyo, ndipo mbali inayo idati vuto linali pa mgwirizano wa kagawidwe. Dzina pa mndandanda silidathetse mkanganowo, chifukwa mndandanda sunena kuti ndani atenge zingati.

Nanga omvera a m'malire, ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi kutsidya ku Dedza ndi Ntcheu, amawerengedwa pati? Pa Hot 100 sawerengedwa n'komwe, chifukwa imayeza za ku America kokha. Mu 2020 Billboard idayambitsa mndandanda wina wa dziko lonse, Global 200, koma umenewo umaona zogulidwa ndi zomveredwa pa intaneti basi. Nyimbo imene yaikidwa pa memori khadi kumsika, yotumizirana pa Bluetooth kapena pa WhatsApp, yolira m'minibasi, pachigayo ndi pachinkhoswe, siilowa m'sikelo iliyonse. Woimba angagwedeze boma lonse kwa miyezi itatu, ana mpaka kumaimba popita kudimba, koma pa ziwerengero za pa intaneti n'kuoneka ngati palibe amene amamudziwa. Chimodzimodzi, wina wokhala ndi omutsatira ochepa m'tauni amene ali ndi intaneti yokwanira angaoneke ngati ndiye wagwira dziko.

Ngakhale kuwerengedwa pa intaneti pakokha sikudzadza nkhokwe. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu adajambulanso "Linny Hoo" ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo kadutswa ka nyimboyo kadaonedwa maulendo mamiliyoni ambiri pa TikTok. Atolankhani amene adamuyendera kumayambiriro kwa 2022 adapeza mkuluyo ali kumudzi kwake, alibe ndi foni yoonera zimenezo.

Chifukwa chake mpikisano ngati Ngoma Moçambique wa Rádio Moçambique, kapena mapologalamu amene omvera amapempha nyimbo pa wayilesi, amayeza chinthu chimene Billboard siingayeze. Nawonso ali ndi polekezera, popeza amaimba foni kapena kutumiza uthenga ndi amene ali ndi mayunitsi, ndipo woimba wa abale ambiri angathe kudzikweza. Palibe sikelo yopanda chilema. Chimene omvera ayenera kupempha kwa aliyense wotulutsa mndandanda ndi chakuti anene poyera chimene akuwerenga, kaya ndi mavoti, kaya ndi kangati nyimbo yaulutsidwa, komanso ngati woimba nawo amapatsidwa gawo lofanana ndi mwini nyimbo.

Kwa achinyamata amene amakajambula m'masitudiyo ang'onoang'ono ku Ulongwe kapena ku Tete, kawirikawiri mnzawo amabwera kudzathandiza kolasi, wina n'kupeka vesi, wojambula n'kupanga chiongolero chonse, popanda cholembedwa chilichonse. Nyimbo ikapanda kutchuka, palibe amakumbuka. Ikatchuka, aliyense amakumbuka mosiyana. Mabungwe oyang'anira za umwini, SOMAS ku Mozambique ndi COSOMA ku Malawi, amagawa ndalama potsata maina amene adalembetsedwa pa nyimbo ndi gawo la aliyense. Amene dzina lake mulibe amayenera kuyamba wabweretsa umboni wakuti adapeka nawo, ndipo banja la Solomon Linda lidafika pamenepo patapita zaka 67 chijambulire nyimbo.