Tiyambe Tawerenga Zimbudzi

Aphunzitsi anzanga, mlendo akafika pasukulu panu mumamuonetsa chiyani? Ambirife timathamangira naye ku bwalo la mpira ndi ku zikho za mu ofesi ya ahedi. Kuseri kuja, kumene kuli zimbudzi, sitimupititsako. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa.

Ine ndikuti sukulu ya sekondale tiziyamba kuiyeza kuseriko. Malangizo a bungwe la WHO a 2009 amati atsikana 25 aliwonse akhale ndi chimbudzi chimodzi, anyamata 50 akhale ndi chimbudzi chimodzi ndi pokodzera, ndipo madzi ndi sopo zikhale pafupi. Chimbudzi chikakhala chopanda chitseko, mtsikana amene ali kumwezi amangokhala kunyumba. Masamu a masiku amenewo am'dutsa basi. Kumbukiraninso kuti mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, matenda ofala kudzera m'madzi ndi chakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi.

Masewera sindikuwanyoza ayi. Koma mtsikana wopanda posinthira zovala adzasewera bwanji mpira wamanja?

Mawa werengani ophunzira anu, muwerengenso zimbudzi zimene zikugwira ntchito, kenaka mugawe. Yankholo mukalitule kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi musanayambe kukamba za yunifomu ya timu.