Nyumba zimene zaima pa mawindo



Sabata yathayi, poyendera mabanja a mu mlaga wathu, ndinayamba kuwerenga nyumba zosatha za m'mbali mwa msewu umodzi wokha. Ndinapeza zisanu ndi ziwiri. Zina zaima pa mawindo, zina zafika pa lintala, ndipo m'kati mwa imodzi mwamera mpapaya umene tsopano ukubala. Eni ake ambiri ndimawadziwa. Si alesi, si zidakwa. Mmodzi ndi mphunzitsi wamasiye amene anazika maziko mwamuna wake akali moyo, ndipo mpaka lero akulipira lendi m'nyumba ya zipinda ziwiri, poloti yake ikuonekera pakhomo. Atandiona ndikuyang'ana makomawo anati, "Abambo, mwina sanandilembere." Mawu amenewa andisowetsa mtendere, pakuti chimene chinaimitsa nyumba yake chinalembedwadi, koma chinalembedwa ndi anthu, m'mabuku a ndondomeko ya zachuma ya boma.

Zaka zoposa makumi atatu ndinagwira ntchito m'boma, ndipo mabuku amenewo ndinawanyamula ndi manja angawa. Nduna ikamawerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo, ambirife timatchera khutu pamene itchule nyumba, timve kuti zimangidwa zingati. Ine ndikuti tcherani khutu pena: pamene ikunena kuti ndalama zapelewera zingati, ndipo zikabwerekedwa kuti. Mtengo wa nyumba yanu umadulidwa pamenepo.

Taonani m'mene zimayendera. Boma likakonza zowononga zoposa zimene limatolera pa misonkho, limabwereka, ndipo zambiri limabwereka m'mabanki athu omwewa. Tsono banki ili ndi obwereka awiri pakhomo. Wina ndi boma, limene limalipira chiwongoladzanja chokwera ndipo silisamuka usiku. Wina ndi mphunzitsi uja, wofuna zaka makumi awiri kuti abweze. Mukanakhala inu mwini banki, mukanatsegulira yani? Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa amawonjezapo zawo. Tiyerekeze kuti mwabwereka K20 miliyoni pa 30 peresenti. Chiwongoladzanja chokha ndi K6 miliyoni pachaka, ndiko kuti K500,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Ndi mphunzitsi uti, ndi namwino uti angapirire zimenezi? Anzanga a msinkhu wanga akukumbukira New Building Society, imene ntchito yake yaikulu inali kubwereketsa anthu ndalama za nyumba. Mu 2004 inasanduka banki wamba, NBS Bank. Sindiidzudzula, madzi amatsata kumene kwatsetsereka.

Ngongole ya dzulo imadyanso bajeti ya lero. Mu bajeti ya 2024/25, ya pafupifupi K6 thiriliyoni, ndalama zoyandikira gawo limodzi mwa magawo anayi zinaikidwa kuti zilipire chiwongoladzanja cha ngongole za boma. Pa K100 iliyonse, K25 yangotsala pang'ono kukwana inapita osagula njerwa, osakumba ngalande, osaika paipi ndi imodzi yomwe.

Kenaka pali kwacha. Kubwereka kosalekeza kumachulukitsa ndalama zothamangitsa katundu wochepa, mitengo imakwera, ndalama zakunja zimasowa, ndipo tsiku lina kwacha imagwetsedwa. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Wina anganene kuti simenti timapanga tokha ku Kasungu, ku Mangochi ndi ku Blantyre. Zoona, koma makina ake, zitsulo zosinthira ndi dizilo wa galimoto zoinyamula zimagulidwa ndi madola. Malata, misomali, magalasi, mawaya a magetsi ndi mapaipi, ngati sizichokera kunja zathunthu, zipangizo zake zimachokera kunja. Munthu amene anasunga za malata makumi anayi anagona ali ndi denga, nadzuka ali ndi theka la denga. Pamwamba pake pali msonkho wa VAT, umene kwa zaka zambiri unali 16.5 peresenti. Inu ana athu a ku Johannesburg ndi ku Ireland, amene mumakwiya kuti munatumiza ndalama koma nyumba siyikukwera, nthawi zina mlandu ndi wa achimwene anu, sindikana. Koma yambani mwafunsa mtengo wa thumba la simenti musanathetse chibale.

Musaganize kuti maboma athu sanaganizepo za nyumba. Mu 2014 kunabwera pologalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo, yofikira mabanja ochepa m'dera la phungu aliyense chaka ndi chaka, theka ngati thandizo, theka ngati ngongole. Kenaka boma linalonjeza nyumba 10,000 za apolisi, asilikali, a ndende ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Amene analandira anathokoza, ndipo wapolisi kugona pabwino n'koyenera. Koma kalembera wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni, ndipo tikuchulukabe. Boma silingamangire aliyense. Ndipo likabwereka kuti ligawire malata mabanja owerengeka, limakwezera mtengo wa malata mabanja ena onse. Pano sindikunena chipani, pakuti zipani zonse zimene zalamulapo zamwa pa chitsime chimodzi chomwechi.

Chimene ndikanakonda kuona mu bajeti ndinachiona ndi maso ndili mnyamata. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, boma ndi mabungwe ake, pamodzi ndi Malawi Housing Corporation imene inakhazikitsidwa mu 1964, sanangomanga nyumba zalendi monga za ku Area 18. Anadulanso mapoloti m'madera otchedwa Traditional Housing Areas, monga Area 25, Kawale ndi Chilinde, ndipo ku Blantyre kunali Zingwangwa, Bangwe ndi ena. Boma linkayeza malo, kulambula misewu, kufikitsa madzi pa mipopi ya onse, n'kukupatsa nambala ya poloti ndi msonkho wochepa wapachaka. Kumanga kunali kwako. Ineyo ndinayamba ndi zipinda ziwiri za zidina, ndili kalaliki wa malipiro ochititsa manyazi. Amayi akunyumba ankatunga madzi omangira mbandakucha. Patapita zaka tinagumula khoma limodzi, kenaka lina, mpaka inakhala nyumba imene ana anakuliramo. Palibe anandipatsa lata ndi limodzi lomwe. Anandipatsa malo amene ndinali wotsimikiza kuti palibe adzandichotsapo, ndi msewu woti ngolo ya mchenga ifike.

Mapoloti otere akasowa, anthu saleka kubwera m'tauni. Amagula malo kwa madobadoba, malo amodzi ogulitsidwa kwa anthu atatu, kapena amakwera m'mapiri ndi kutsikira m'madambo. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ndinamva ena akufunsa kuti ankamangiranji m'phiri. Funso limenelo lili ndi mnzake: poloti yoyezedwa, yamtengo woti wogulitsa tomato angaikwanitse, inali kuti?

Akatswiri ena amati nyumba ndi chinthu chongodya ndalama, tiyambe takweza chuma, nyumba zidzabwera pambuyo. Ndinakhala nawo m'misonkhano anthu oganiza motero, ndipo sindinagwirizane nawo. Werengani manja amene nyumba imodzi imadyetsa: woumba mabuloko, wokumba mchenga, wophwanya miyala, mmisiri ndi anyamata ake, kalipentala, wowotcherera zitseko, wa magetsi, wa mapaipi, ndi mayi wophika nsima pamalopo. Ambiri a iwo ndi achinyamata athu omwe timawapempherera kuti apeze ntchito. Nyumba ikatha, khonsolo imapeza potolera msonkho, a madzi ndi a magetsi amapeza wolipira, mwini wake amakhala ndi chikole chobwerekera mpamba, ndipo ndalama ya lendi imasanduka fizi. Masomphenya a Malawi 2063 anaika kukula kwa mizinda kukhala umodzi mwa mizati yake itatu. Mzati umenewo udzaimikidwa ndi ndalama zoyezera malo ndi zokokera madzi, zimene kawirikawiri zimakhala zoyamba kudulidwa chaka chikafika pakati.

Chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndipo isanalembedwe bajeti, nduna ya zachuma imayendera zigawo kumva maganizo a anthu. Amalonda amapita, mabungwe amapita, ife timakhala. Aphungu athu timakumana nawo pa maliro ndi pa zopereka za chitukuko cha tchalitchi, ndipo timawapempha matumba a simenti. Ulendo uno, mukatha kuthokoza, afunseni mwaulemu kuti boma libwereka zingati chaka chino, ndi kuti mapoloti oyezedwa aikidwiratu angati mumzinda muno. Akadodoma musawaseke, auzeni kuti mudzafunsanso.

Mphunzitsi uja ndinabwererako dzulo ndi mmisiri wa mu mlaga mwathu. Wayang'ana makoma, ndipo akuti akhoza kupirira dzinja limodzi lokha ngati titaphimba pamwamba pake mvula isanagwe. Amene ali ndi mapepala apulasitiki okhuthala kapena malata akale, andipeze tikatuluka m'mapemphero a m'mawa Lamulungu.