Intaneti ikamadukaduka, yambani mwapeza pamene yadukira

Pa 27 Malichi 2020, boma la South Africa litalamula kuti anthu abindikire m'nyumba poopa matenda a Covid-19, mabungwe ndi makampani ambiri a mumzinda wa Johannesburg anauza antchito awo kuti azigwirira ntchito kunyumba. Mliri unapita, koma chizolowezicho chinatsala. Lero mlangizi wa bungwe la alimi amatumiza lipoti lake ali m'chipinda cha lendi ku Yeoville, ndipo mayi wogwira ntchito za umoyo amachita msonkhano ndi opereka thandizo a kunja atakhala kukhitchini ku Cosmo City. Ena mwa iwo ndi ana a kwathu konkuno. Intaneti ikaduka msonkhano uli mkati, amene ali kutsidya la nyanja sadziwa kuti ku Joni kwazima magetsi. Iwo amangoona munthu wosadalirika, ndipo pangano la ntchito likatha amafuna wina.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri zikawachitikira amathamangira kukagula rauta yatsopano kapena kusintha kampani, asanadziwe pamene pali vuto. Ndalama imapita, kudukaduka n'kumapitirira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Uthenga wochoka pa laputopu yanu umadutsa m'chipinda, m'nthambo za mumsewu, m'makina a kampani, mwina mpaka pansi pa nyanja, ndipo ukhoza kudukira pena paliponse. Chida choyamba, tsono, ndi kope ndi cholembera. Kwa sabata imodzi lembani tsiku ndi ola limene intaneti yaduka, ngati magetsi analipo, ngati kunagwa mvula, ndi mtundu wa timagetsi timene tinkayaka pa zida zanu. Mlimi amene amalemba masiku a mvula sadabwa ndi ntchito imeneyi.

Mu Johannesburg, kope lotere limaloza ku magetsi kawirikawiri. Kampani ya Eskom inayamba kuzimitsa magetsi mosinthana madera chakumapeto kwa 2007, ndipo m'chaka cha 2023 kuzimitsaku kunachitika masiku opitirira 300, maola 2 kapena 4 nthawi imodzi, mwina katatu pa tsiku. Kuyambira kumapeto kwa Malichi 2024 panapita miyezi 10 popanda kuzimitsa kotere, mpaka kunabwereranso pang'ono kumayambiriro kwa 2025. Koma aliyense wokhala mumzindawu adzakuuzani kuti magetsi amathimabe pa zifukwa zina: akuba amafukula nthambo za kopa za City Power, matiransifoma okalamba amapsa, ndipo m'madera ena monga Soweto, Eskom inayamba mu 2020 kudula magetsi m'mawa ndi madzulo pofuna kuteteza matiransifoma olemedwa ndi anthu olumikiza mwachinyengo.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Nthambo ya faiba siyenda ndi magetsi a m'nyumba mwanu. Ndi kaulusi ka galasi konyamula kuwala, ndipo makampani a nthambozi amaika mabatire pa makina awo. Magetsi akazima, nthawi zambiri intaneti imakhala ikufikabe pakhoma panu. Chimene chafa ndi tizida tiwiri: kabokosi ka pakhoma kotchedwa ONT, ndi rauta imene imamwaza Wi-Fi. Tizida timeneti sitidya moto wambiri. Tonse tiwiri pamodzi timafuna mawati pafupifupi 15, ngati babu limodzi la masiku ano lowala kwambiri. Batire yosunga mawati 60 a pa ola ikhoza kutiyendetsa maola 4. Kabatire kotere kamagulitsidwa m'masitolo ndi dzina loti mini-UPS, ndipo mtengo wake ndi wochepa zedi pouyerekeza ndi wa jenereta kapena inivata. Ine ndimati munthu wogwirira ntchito kunyumba agule kameneka asanagule mpando wabwino. Koma musanalipire, tembenuzani rauta ndi ONT muwerenge mphamvu yolembedwa pansi pake. Zambiri zimafuna 12V, zina 9V kapena 5V. Mukalowetsa mphamvu yoposa, chida chimapsa pomwepo.

Amene amadalira netiweki ya foni, ndipo ndiwo ochuluka pakati pa awerengi athu, nkhani yawo ndi ina. Nsanja ya foni nayo imafuna magetsi. Akazima, imayendera mabatire, ndipo kuzimitsa kukachitika pafupipafupi mabatirewo sadzaza. Makampani a Vodacom ndi MTN akhala akudandaula poyera kuti akuba amathyola nsanja n'kuba mabatire omwewo. Ngati kope lanu likuonetsa kuti netiweki imafa patapita ola limodzi kapena 2 magetsi atazima, vuto lili pa nsanja, ndipo palibe chimene mungakonze m'nyumba. Mankhwala ake ndi kukhala ndi SIM yachiwiri ya kampani ina, yokhala ndi kabandulo kosungira tsiku latsoka. Ngati imangofooka madzulo okha, ndiye kuti anthu achuluka pa nsanja imodzi ngati pa mjigo nthawi ya chilimwe. Tumizani mafayilo aakulu m'mamawa. Anzathu a ku Malawi izi akuzidziwa bwino: namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunafika ponseponse kwa miyezi yambiri.

Nanga magetsi alipo, koma intaneti ikudukabe? Tengani nthambo ya netiweki, mulumikize laputopu ku rauta mwachindunji, mugwire ntchito tsiku lonse. Kudukaduka kukatha, musavutikenso kuimbira kampani: wolakwa ndi Wi-Fi ya m'nyumba mwanu. Mafunde a Wi-Fi salimbana ndi khoma la konkire, malata, firiji kapena thanki ya madzi. M'nyumba zosanjikizana za ku Hillbrow ndi Berea, marauta makumimakumi amalankhula nthawi imodzi pa mafunde a 2.4 GHz, ngati anthu pamsika, ndipo uvuni wa microwave nawo umasokoneza mafunde omwewo. Rauta ikhale pamwamba, poyera, pafupi ndi pamene mumagwirira ntchito, osati kuseri kwa TV kapena m'kabati poopa ana. Ngati ili ndi mafunde a 5 GHz, sankhani amenewo mukakhala m'chipinda chomwecho. Safika patali, koma sapanikizika. Okhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba, amene amapempha Wi-Fi kwa eninyumba, achita bwino kupempha chilolezo chokoka nthambo kuchoka m'nyumba yaikulu. Nthambo yotere imanyamula uthenga bwinobwino mpaka mamita 100.

Ndiye pali mphezi. Johannesburg ili pamalo okwera, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula yake ya masana imabwera ndi ziphaliwali zoopsa. Kukachita mdima kumwamba, zulani rauta ku soketi. Chimodzimodzi magetsi akazima: amabwerera ndi mphamvu yosakhazikika imene imapha zida mwakachetechete.

Mukayang'ana pa ONT n'kuona kagetsi kolembedwa LOS kakuyaka mofiira, ndiye kuti kuwala sikukufika: nthambo yaduka kapena yazuka. Onani ngati mpando sunaipsinje kapena khoswe sanaitafune, koma musaipinde, ndipo musasuzumire kunsonga kwake chifukwa kuwala kwakeko, ngakhale sikuoneka, kumavulaza diso. M'nyumba mukakhala mulibe cholakwika, mwina okumba ngalande adula nthambo mumsewu. Apa mpofunika kudziwa kuti ku South Africa mwini nthambo, monga Openserve kapena Vumatel, nthawi zambiri amakhala wosiyana ndi kampani imene mumailipira mwezi ndi mwezi. Dandaulo limapita kwa amene mumamulipira, iye ndiye amatuma eni nthambo. Musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu. Mukawawerengera masiku ndi maola a m'kope lija, amasiya kukuuzani kuti muzimitse rauta n'kuiyatsanso. Akakunyalanyazani, bungwe la ICASA limalandira madandaulo a ogula, ndipo lidzakufunsani nambala yomweyo. Ku Malawi ntchito imeneyi ndi ya MACRA, ku Zambia ndi ya ZICTA.

Pali masiku enanso pamene wolakwa sali m'nyumba, sali mumsewu, sali pa nsanja. Pa 14 Malichi 2024 nthambo 4 za pansi pa nyanja, kuphatikizapo WACS ndi SAT-3, zinaduka kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo maofesi a ku Johannesburg anavutika tsiku limenelo. Pa 12 Meyi chaka chomwecho zinaduka za EASSy ndi Seacom kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti inafooka kwambiri ku Tanzania, Mozambique ndi Malawi, dziko limene lilibe gombe ndipo limadalira nthambo zodutsa kwa anansi ake. Kukonza kumadikira sitima yapadera kuti ikavuule nthambo pansi pa madzi, ndipo kumatenga masabata. Tsiku lotere intaneti sifa yonse, imangoyenda ngati kamba. Pa msonkhano zimitsani kamera mutsale ndi mawu okha, pakuti mawu amafuna gawo lochepera limodzi mwa magawo 10 a zimene kanema wooneka bwino amafuna. Lipoti litumizeni lopanda zithunzi, zithunzizo zidzatsatira. Ndipo nambala za akuluakulu a bungwe lanu, za alangizi anzanu ndi za ogula mbewu zanu zikhale zolembedwa m'kope, chifukwa SMS ndi kuimba foni wamba m'dziko momwemo zimayendabe nthambo ya pansi pa nyanja itaduka.